Timapulasitiki ta pa tebulo langa la ndiwo ku Kanyama

Ndimagulitsa tomato, anyezi, repu, chibwabwa, kapenta ndi mafuta ophikira pa tebulo kutsogolo kwa nyumba yomwe timachita lendi ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Ndikulembera makamaka anzanga a malonda ang'onoang'ono ngati awa, komanso inu amene mumagula kwa ife. Nkhani ya mapulasitiki ikamakambidwa pa wailesi amatchula mafakitale ndi masitolo akuluakulu a m'tauni, koma zambiri zomwe zimatseka ngalande kuno ku komboni zimadutsa m'manja mwa ife ogulitsa pa matebulo ndi pa tuntemba.

Taonani mmene munthu mmodzi amagulira chakudya cha madzulo. Tomato m'kapulasitiki kake, anyezi m'kake, kapenta m'kake. Mafuta timathira m'kapulasitiki n'kumanga mfundo. Pa kantemba agula pamela (kaufa ka nsima kopimidwa pang'ono), kamchere ndi kasopo ka ufa, chilichonse chomangidwa pachokha, ndiye makala a usiku umodzi nawonso ali m'pulasitiki. Pomaliza apempha pulasitiki wakuda woti aikemo zonsezo. Akafika kunyumba n'kumasula, ntchito ya timapulasitiki tonseto yathera pomwepo, pasanathe ndi theka la ola. Mawa ayambiranso.

Si kuti anthu a ku komboni ndi osasamala kuposa a kumayadi. Ndalama yathu imabwera ya tsiku ndi tsiku, ndiye timagulanso za tsiku ndi tsiku. Wa malipiro a pamwezi amanyamula thumba limodzi la ufa la makilogalamu 25, pomwe wa maganyu ufa womwewo amaugula m'timapulasitiki tambirimbiri. N'chifukwa chake malangizo oti "muzigula zambiri nthawi imodzi" ine sindiwapereka kwa makasitomala anga. Ndi malangizo abwino kwa amene ali nazo. Kwa enafe pamafunika njira yoti munthu apitirize kugula pang'onopang'ono koma osatenga pulasitiki watsopano ulendo uliwonse.

Lamulo lilipo. Mu 2018 boma linatulutsa Statutory Instrument nambala 65, yomwe inaletsa matumba apulasitiki opyapyala osafika ma micron 30 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki), ndipo bungwe la ZEMA ndi lomwe limayang'anira za chilengedwe. Kuyambira nthawi imeneyo masitolo akuluakulu anayamba kulipiritsa thumba, ndipo mukaima pakhomo pa sitolo lero muona anthu ambiri atanyamula zikwama zawo. Anansi athu ku Malawi anaika malire awo pa ma micron 60, Rwanda analetsa matumbawa mu 2008, Kenya mu 2017. Koma kapulasitiki komangira tomato sikalipiritsidwa. Kasitomala amakaona ngati kaulere, ngakhale ine ndimakagula ndi ndalama yochotsa pa phindu langa. Ndimakumbukiranso za tujilijili, mowa wa m'timapaketi womwe unaletsedwa mu 2012. Timapaketi tija tinasowadi m'misewu, koma m'malo mwake munadzaza timabotolo ting'onoting'ono ta mowa womwewo. Lamulo limachotsa chinthu chimodzi, ndipo ngati chizolowezi sichinasinthe pamabwera china.

Amene sanakhaleko ku Kanyama nthawi ya dzinja sangamvetse chifukwa chake nkhaniyi timaitenga ngati ya moyo ndi imfa. Malo athu ndi athyathyathya, pansi pali mwala, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa yamphamvu madzi alibe kolowera. Njira yake ndi ngalande basi, ndipo ngalande ikatsekeka madzi amabwerera m'mabwalo, kulowa m'zimbudzi zokumba, kutuluka ndi zonse za m'menemo, n'kukathera m'zitsime zosaya zomwe ena amatungamo. Pulasitiki payekha sayambitsa kolera. Kolera imabwera ndi tizilombo ta m'chimbudzi tikalowa m'madzi kapena m'chakudya. Pulasitiki ntchito yake ndi kutseka njira kuti madzi oipawo atipeze pakhomo. Mliri womwe unayamba mu October 2017 tinauona ndi maso: asilikali akusesa m'tauni, ogulitsa m'misewu atachotsedwa, odwala atagonekedwa ku bwalo la masewera la Heroes Stadium. Womwe unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno, bwalo lomwe lija linasandukanso chipatala, ndipo ana anatsegulira sukulu mu February m'malo mwa January.

Chomwe chinanditsegula maso ine kwenikweni ndi tsiku lomwe alandilodi anaitana anyamata opopa chimbudzi cha pa pulotu pathu. Chimbudzicho timagwiritsa ntchito mabanja angapo, ndipo chinadzaza msanga kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Anyamatawo anabwera ndi migolo, mafosholo a mipini yaitali ndi chitsulo chokhota ngati mbedza. Asanayambe n'komwe kutunga, anayamba kukoka ndi mbedzayo. Munatuluka mapampasi otupa, mapulasitiki akuda opotana ngati chingwe, timabotolo, nsanza, ndi timapaketi ta sopo tomwe zilembo zake zinkawerengekabe bwinobwino. Mkulu wawo, bambo wachikulire ndithu, anandiyang'ana ndili chapatali nditatseka mphuno ndi chitenje, nati, "Amayi, zoipa za munthu zimawola n'kutsika zokha. Izi ndiye siziwola. Mukulipira ife kuti tikuchotsereni zinyalala, osati za m'chimbudzi." Mtengo anakweza chifukwa cha ntchito yokokayo, ndipo alandilodi anaugawa pa khomo lililonse. Pakati pa zomwe zinatulukazo ndinazindikira timapulasitiki toyera tomwe ndimamangira kapenta.

Pa tebulo ndinayamba ndi mafuta, chifukwa ndi pomwe phindu la kasitomala limaoneka msanga. Mafuta a m'kapulasitiki ena amatsalira m'makona, ena amatayika pomasula mfundo, ndipo mwana akagwa nako panjira ndiye kuti ndiwo za tsikulo zaphikidwa ndi madzi. Ndinayamba kuuza aliyense kuti abwere ndi kabotolo kotsuka bwino, kouma, kokhala ndi chitsekero. Muyezo ndi womwewo, ndimathira ndi fanulo iye akuona. Apa panalibe wokana.

Pa tomato ndi ndiwo zamasamba ndinagwiritsa ntchito mbasela. Wobwera ndi mbale, beseni kapena chikwama chake ndimamuikira tomato mmodzi pamwamba, kapena tsamba lowonjezera pa mpukutu wa repu. Wofuna pulasitiki ndimamupatsa, mwaulemu, koma mbasela palibe. Anzanga ena ankati ndidzagwa nayo bizinesi. Koma werengerani nokha. Madzulo aliwonse pamatsala tomato wofewa yemwe mawa sagulika, pomwe mpukutu wa mapulasitiki ndimakagula ndi ndalama yeniyeni ndikapita kukaoda ku msika wa Soweto. Kupatsa munthu tomato woti akanaola n'kusunga ndalama ya mapulasitiki, ine ndimaona kuti ndapindula. Ana otumidwa ndi amene anafalitsa nkhaniyi. Mwana akangodziwa kuti mbale imabweretsa mbasela, sachoka pakhomo popanda mbale, ndipo amawakumbutsa okha amayi ake.

Vuto lomwe sindinaliganizire linatulukira pa kapenta ndi soya. Agogo ena omwe amagula kwa ine kuyambira kale anakana mbale kwamtuwagalu. Nditawafunsa anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu, "Mwana wanga, ukufuna komboni yonse idziwe kuti kwathu tikudyanso kapenta lero? Pulasitiki wakuda amasunga chinsinsi cha nyumba." Ndinaseka, koma ananena zoona. Pulasitiki wakuda amabisa kuti wagula zochepa, amabisa kuti mwezi wafika poipa, ndipo wa nkhuku ndi wa soya amayenda mofanana pamsewu. Munthu amene akulimbikitsa anzake kusiya mapulasitiki osaganizira za manyazi amenewa sapita patali. Yankho lake linali kontena ya chivindikiro, monga zija zotsala mukatha majarini kapena ayisikirimu, ndi kachikwama ka nsalu kosaonetsa za m'kati. Agogowo tsopano amabwera ndi kachitini ka chivindikiro m'kachikwama ka chitenje, ndipo chomwe chili m'menemo timadziwa ndi awiri.

Zikwamazo anatisokera telala wa pafupi ndi msika, kuchokera ku zidutswa za zitenje zomwe zimatsala akasoka madiresi. Zina anasoka kuchokera ku matumba a ufa otha, n'kuika zogwirira zolimba. Thumba la ufa nalonso ndi pulasitiki, inde, koma lilipo kale, ndipo likasokedwa bwino limanyamula kabichi ndi mbatata kwa miyezi yambiri. Kwa azibambo, omwe ambiri safuna kuoneka atanyamula dengu, kachikwama kopindika kolowa m'thumba la thalauza ndi komwe kanagwira ntchito. Amuna anga amakasunga pamodzi ndi foni.

Zouma monga kapenta, nyemba ndi mtedza ndimakulunganso m'pepala lopinda ngati fanulo kwa amene waiwala chotengera. Koma vitumbuwa, tchipisi kapena chilichonse chotentha ndi cha mafuta musaike m'nyuzipepala, chifukwa inki imamatirira ku chakudya. M'kapulasitiki kopyapyala namonso ayi, sikanapangidwire zotentha. Mbale ya chivindikiro ndiyo yoyenera pamenepo.

Kunyumba chizolowezi chovuta kusiya chinali choyatsira mbaula. Aliyense wa ku komboni amadziwa kuti kapulasitiki kamayatsa makala msanga: kamasungunuka, kamadontha pa makala, moto n'kugwira. Chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, mbaula inkayaka m'mawa, masana ndi madzulo pa khomo lililonse, ndipo fungo la pulasitiki wopsa linkadzaza bwalo lonse. Utsi umenewo ndi woipa m'chifuwa, makamaka kwa ana ndi a mphumu, ndipo amene amawerama n'kumauzira moto ndi amene amaupuma wambiri. Ife tinasintha n'kuyamba kusunga zitsononkho, timitengo touma ndi zidutswa za makatoni m'thumba pakona ya khitchini. Kapepala kopukutira poto wa mafuta kamayaka bwino kwambiri. Chinanso, pezani chitini chachikulu, muchiboole pansi kuti chikhale chotsegula mbali zonse, muchiimike pamwamba pa makala mukangoyatsa. Chimakoka mpweya ndipo makala amagwira osakupiza nthawi yaitali. Chigwireni ndi nsalu pochotsa, chimatentha.

Kuotcha mulu wa zinyalala madzulo n'chimodzimodzi, kungoti utsi wake umapita kwa aneba.

Zonsezi zikanathera pa khomo langa zikanakhala zopanda pake, chifukwa pa pulotu timagwiritsa ntchito bwalo limodzi, chimbudzi chimodzi ndi ngalande imodzi. Ndalama ya opopa chimbudzi ija ndi yomwe inatithandiza kukhala pansi, popeza aliyense inamupweteka. Tinagwirizana zinthu zochepa. M'chimbudzi musalowe pampasi, pulasitiki kapena botolo. Kuseri kwa nyumba tinapachika matumba atatu pa misomali, m'mwamba kuti agalu asafike: la zowola, la mabotolo, ndi la zina zonse. Zowola, monga makoko ndi masamba otsala pa tebulo langa, amatenga mayi wina woweta nkhuku, zina timathira m'matumba momwe tinadzala repu ndi anyezi. Mukachotsa zowola, zinyalala zotsala zimachepa kwambiri, sizinunkha, ndipo ntchentche zimachepa.

Mabotolo ali ndi msika wake. Mukatembenuza botolo la madzi kapena la zakumwa muona kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala 1. Zigubu zolimba za mkaka, za madzi a zipatso kapena za mankhwala ochapira zambiri zimakhala ndi nambala 2. Mitundu iwiriyi ndi yomwe ogula amaifuna kwambiri, ndipo amagula pa sikelo. Kuno ku Lusaka kuli ntchito ya Manja Pamodzi, yomwe kampani ya Zambian Breweries inayambitsa mu 2015, yotolera mabotolo ndi makatoni a Chibuku m'makomboni kudzera mwa anthu otola ndi malo osonkhanitsira. Ndinene mosabisa kuti botolo ndi lopepuka, ndipo kuti mufike pa kilogalamu pamafunika mulu. Banja limodzi silingalemere nazo. Ife tinaona kuti n'kwanzeru kusonkhanitsa a pulotu yonse, kuwaponda kuti aphwatalale, n'kupatsa mayi wina wamasiye amene amatola mabotolo ngati ntchito yake. Kwa iye thumba lodzaza, loyera, losafuna kulowa nalo m'matope, ndi phindu lenileni. Mabotolo abwino okhala ndi zitsekero timapatula n'kupatsa ophika munkoyo. Kuli bwino alandire botolo lochokera m'nyumba, alitsuke ndi sopo ndi madzi a klorini, kusiyana n'kuti agule lotoledwa m'ngalande.

Thumba lachitatu ndi lomwe linatikanganitsa. Pali anyamata a mawilibala amene amatenga zinyalala pa mtengo wotsika, ndipo ambiri pa pulotu ankafuna amenewo. Funso lomwe muyenera kumufunsa aliyense wotenga zinyalala zanu ndi lakuti akupita nazo kuti. Kutayira kwa mzinda wonse kuli ku Chunga, ndipo palibe munthu angakankhe wilibala kuchoka ku Kanyama kukafika kumeneko pa ndalama yochepa chotero. Zimathera pa kalavati yapafupi usiku, ndipo mvula yoyamba imakubwezerani. Tinasankha kulipira otola zinyalala ovomerezeka a m'dera lathu, ndipo tinapempha alandilodi kuti ndalamayo azitolera pamodzi ndi ya lendi, chifukwa kutolerana tokha khomo ndi khomo kunkabweretsa mawu. Sindinganame kuti galimoto yawo imabwera pa tsiku lake nthawi zonse. Pena timadikira. Koma popeza m'thumbamo mulibe zowola, kudikirako kumapiririka.

Gulu lathu la chilimba, momwe timasonkherana ndalama mosinthana, linachitanso chinthu china chomwe ndimanyadira. Pa maliro, pa kitchen party kapena pa chinkhoswe, mbale ndi makapu otaya pamodzi ndi timabotolo ta madzi zimadzaza matumba pa tsiku limodzi kuposa zomwe nyumba imataya mwezi wonse. Mwezi wina m'malo mopatsa munthu ndalama tinagula mbale zachitsulo, makapu, mabeseni awiri akuluakulu ndi ndowa za mpopi. Wa m'gulu amabwereka ulere, wakunja amalipira kangachepe, ndipo chosowa amabweza. Pa maliro atsikana amatsuka mbale m'madzi a sopo n'kutsukuluza m'madzi a klorini, madzi akumwa amakhala m'ndowa ya mpopi yovindikira, ndipo ina imakhala pakhomo yosambira m'manja. Nthawi ya mliri, a zaumoyo akaletsa kuphika ndi kudyera pamodzi pa maliro, timamvera zimenezo ndipo mbale zimakhala m'nyumba.

Za kugwira ntchito yoyeretsa pamodzi ndili ndi maganizo anga. Kampeni ya Keep Zambia Clean inayamba nthawi ya a Levy Mwanawasa mu 2007, ndipo a Edgar Lungu anaiyambitsanso mu 2018. Cholinga n'chabwino. Koma ndaona kambirimbiri anthu akuvuula zinyalala m'ngalande, kuziunjika m'mphepete, kujambulitsa, n'kubalalika. Muluwo ukakhala pamenepo sabata, mbuzi ndi ana amaumwaza, mphepo imatenga mapulasitiki, ndipo mvula imabweza zotsala momwe zinachokera. Ife pa mzere wathu timachita mu October, kusanagwe mvula, ndipo sitikhudza fosholo tisanadziwe chonyamulira. Timayamba tapita kwa akhansala kapena ku komiti ya chitukuko ya wadi kukapempha tsiku lomwe galimoto ingabwere, kapena timasonkha ya thirakitala, ndiye tsiku loyeretsa limatsatira pamenepo. Valani majombo ndi magolovesi, chifukwa m'matopemo mumakhala magalasi osweka ndi zitini, ndipo ana asalowemo. Yambani kumunsi komwe madzi amatulukira n'kumakwera, kuti madzi omwe mwawatsegulira apeze njira. Pa kalavati pafunika chitsulo chachitali cha mbedza, chifukwa chotseka chenicheni chimakhala m'kati, mabotolo atapanikizana ndi matumba ndi mchenga mpaka kulimba.

Ndikamapita kwa achemwali anga ku komboni ya Garden ndimawoloka ngalande ya Bombay, yomwe inamangidwa ndi simenti pa ntchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande ya Millennium Challenge, ya ndalama za ku America pafupifupi madola 355 miliyoni, yomwe inatha mu 2018. Ndi ngalande yaikulu, yoti munthu akalowamo saoneka. Koma pitani mukaione mvula yoyamba ikagwa, muone mabotolo akuyandama. Madzi amenewo amatsikira ku Ngwerere n'kukalowa mu mtsinje wa Chongwe, komwe anthu amathirira madimba. Zina mwa ndiwo zomwe timakaoda m'mamawa zimachokera mbali zomwezo.

Pali zomwe sindinazipezere njira yabwino. Nyama ndi nsomba zaziwisi zimafuna kontena yotsekeka bwino, ndipo munthu wochokera ku ntchito sakhala nayo m'chikwama. Sopo wa ufa, mchere ndi shuga wa ndalama zochepa zimabwera zomangidwa kale. Ndipo pali mapampasi. Amayi athu anatilera ndi matewera ansalu, koma iwo sankagula madzi pa chigubu. Kuuza mayi wa mwana wakhanda amene amatunga madzi pa kiyosiki kuti azichapa matewera tsiku lonse n'kumuwonjezera mtolo. Mlamu wanga, yemwe ali ndi khanda pa pulotu pomwepa, amachita chonchi: masana ali pakhomo amamuveka thewera lansalu, usiku ndi pa ulendo wa ku sikelo kapena ku tchalitchi amamuveka pampasi. Paketi imakhalitsa, ndipo ndalama yotsalayo imagula madzi ndi sopo wochapira. Pampasi wogwiritsidwa ntchito amayamba wakhutulira zoipazo m'chimbudzi, kenako amamupinda, kumumanga ndi zomatira zake zomwe, n'kumuika m'thumba lachitatu lija kuti apite ndi galimoto.